Kodi Kampani Izipangira Linux Browser Yake?

Mu Julayi 2013 kampani ya Opera Software ya ku Oslo, m'dziko la Norway, inatulutsa browser yake yatsopano, Opera 15. Ambiri timaidziwa kampaniyi chifukwa cha Opera Mini, kapulogalamu kamene kanalowetsa anthu miyandamiyanda a mu Africa pa intaneti ndi mafoni a mabatani, osawathera data. Koma Opera inali ndi browser inanso ya pa kompyuta, ndipo kwa zaka zoposa 10 inkaipangira anthu a Windows, a Mac ndi a Linux. Ulendo uno inapangira a Windows ndi a Mac okha. A Linux anatsala ndi Opera 12 yakale, maso ali kunjira. Yoyeserera ya Linux inatuluka mu Juni 2014, ndipo yeniyeni, Opera 26, inafika mu Disembala chaka chomwecho. Jon von Tetzchner, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa Opera, anali atachoka kale pa kampaniyo, ndipo atayamba browser yakeyake yotchedwa Vivaldi mu 2015, anaitulutsa pa Linux kuyambira tsiku loyamba.

Funso limene anthu a Linux ankafunsa Opera nthawi imeneyo ndi lomwenso akhala akufunsa Microsoft, Google ndi Apple: kodi kampani imene yapanga browser ili ndi udindo woifikitsanso kwa anthu amene kompyuta zawo zimayendera pulogalamu yopanda mwini mmodzi?

Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imodzi yoyang'anira zonse, kuyambira kiyibodi, sikirini ndi mafayilo mpaka mapulogalamu ena onse amene munthu amaikamo. Windows ndi ya Microsoft, macOS ndi ya Apple, ndipo khodi yake, ndiye kuti malangizo amene akatswiri analemba popanga pulogalamuyo, eni ake amaisunga okha. Linux siili choncho. Linus Torvalds anayamba kulemba phata lake mu 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, ndipo phatalo linaphatikizidwa ndi mapulogalamu a GNU, ntchito imene Richard Stallman anaiyambitsa mu 1983. Khodi yake ili poyera. Aliyense akhoza kuiwerenga, kuisintha ndi kuigawa. N'chifukwa chake pali mitundu yambiri ya Linux: Debian, Fedora, openSUSE, Arch, Linux Mint, komanso Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaiyambitsa mu 2004. Browser nayo ndi pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, monga Chrome, Firefox, Safari kapena Edge. Masiku ano fomu yofunsira malo ku yunivesite, akaunti ya kubanki, imelo, msonkhano wa pa vidiyo, zonsezi munthu amazifikira mu browser.

Ntchito imene kampani imaiopa

Kutulutsa browser kamodzi pa Linux si chinthu chovuta kwa kampani yaikulu. Chovuta ndi kuisamala. Browser imalandira khodi yochokera kwa anthu osadziwika tsiku lonse, chifukwa tsamba lililonse limene mwatsegula limatumiza malangizo oti kompyuta yanu ichite. Akuba a pa intaneti amafufuza mipata usana ndi usiku, ndipo mpata ukapezeka pamafunika chigamba m'masiku ochepa, nthawi zina m'maola. Kupatula zigamba zadzidzidzizo, makampani a mabrowser amatulutsanso yatsopano pafupipafupi. Firefox inayamba kutuluka milungu 4 iliyonse mu 2020, Chrome inatsatira mu 2021. Kampani ikanena kuti browser yathu ilipo pa Linux, yalonjeza kuti ulendo uliwonse umenewu a Linux sadzasiyidwa. Ikapanda kusunga lonjezolo, zimakhala ngati mjigo umene bungwe linakumba, n'kujambulitsa zithunzi, n'kupita osasiya wokonza kapena zipangizo. Pa browser zimaipirapo, chifukwa mjigo ukafa aliyense amaona kuti wafa, pamene browser yosiyidwa imatsegukabe bwinobwino, ndipo munthu amalembamo nambala yake yachinsinsi ya kubanki osadziwa kuti mipata imene inadziwika kalekale idakali yosatseka.

Kuchuluka kwa mitundu ya Linux kumawonjezera ntchito. Debian ndi Ubuntu zimalongedza mapulogalamu m'mafayilo a deb, Fedora ndi openSUSE zimagwiritsa ntchito rpm. Pojambula zinthu pa sikirini pali njira yakale ya X11 ndi yatsopano ya Wayland. Maonekedwe a kompyuta angakhale a GNOME, a KDE kapena ena ambiri. Vidiyo imene ikuyenda bwino pa laputopu ina imadukaduka pa inzake chifukwa cha kachipangizo kojambula zithunzi kosiyana. Wogwiritsa ntchito akadandaula, woyankha ayenera kuyamba wadziwa kuti mwa zonsezi iyeyo ali ndi ziti.

Kenako pali chiwerengero. Kampani ya StatCounter, imene imawerenga makompyuta olowa m'masamba a pa intaneti, inapeza mu 2024 kuti pa makompyuta 100 alionse a pa desiki ndi malaputopu, pafupifupi 4 okha ndi amene anali pa Linux, ndipo chiwerengerochi chinatengedwa ngati chachikulu poyerekeza ndi zaka za m'mbuyo. Browser siigulitsidwa. Ndalama zake zimabwera makamaka kuchokera ku mapangano ndi makampani osakira zinthu pa intaneti, ndipo zimadalira kuchuluka kwa anthu. Pa mlandu wa boma la America ndi Google zinaululika kuti mu 2022 mokha Google inalipira Apple madola 20 biliyoni kuti Safari izitsogoza Google munthu akamasaka chinthu. Mozilla, imene imapanga Firefox, nayonso imapeza ndalama zake zambiri kwa Google yomweyo. Woyang'anira chuma cha kampani akaona anthu 4 pa 100, amene ambiri mwa iwo amatsekanso zotsatsa malonda, n'zosadabwitsa kuti amafunsa ngati akatswiri akewo sakanagwira ntchito ina yopindulitsa.

Madandaulo amenewa ndi oona, ndipo kampani yaing'ono ya anthu ochepa ikanena poyera kuti sitingakwanitse, ine sindiiona kulakwa. Ndi bwino kukana moona mtima kusiyana ndi kutulutsa chinthu chimene udzachisiye pakatha chaka. Koma makampani amene ali ndi mabrowser akuluakulu si aang'ono, ndipo mbiri yawo ili ndi zinthu ziwiri zimene woyang'anira chuma uja saziika m'mabuku ake.

Pamene intaneti inatsekeredwa mu Windows

Choyamba ndi chimene chinachitika browser imodzi itakula kwambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anthu oposa 90 pa 100 alionse a pa intaneti ankagwiritsa ntchito Internet Explorer ya Microsoft. Kampaniyi inapangapo Internet Explorer ya mapulogalamu ena oyendetsera kompyuta, Solaris ndi HP-UX, mu 1998, nthawi imene inkalimbana ndi browser ya Netscape, koma mpikisano utatha inazisiya mu 2002, ndipo ya Mac inasiya kuikonza mu 2003. Ya Linux sinaipangepo. Opanga masamba ataona kuti pafupifupi aliyense ali pa Internet Explorer, anasiya kuyesa masamba awo m'mabrowser ena. Masamba a mabanki ndi a maofesi ambiri ankangolemba kuti tsegulani mu Internet Explorer, nkhani n'kuthera pomwepo. Munthu wa Linux ankachita kuika pulogalamu ya Wine, imene imayendetsa zinthu za Windows pa Linux, kuti angotsegula tsamba limodzi.

Ku South Korea zinafika poipa. Kuyambira mu 1999, malamulo a dzikolo ankafuna kuti munthu wogula kapena wotumiza ndalama pa intaneti akhale ndi chiphaso cha pa kompyuta chapadera, ndipo njira yobisira uthenga yotchedwa SEED, imene dzikolo linapanga lokha, inkafika kwa anthu kudzera mu ActiveX ya Microsoft. ActiveX inkagwira ntchito mu Internet Explorer ya pa Windows basi. Kwa zaka zoposa 10 nzika ya dziko lotsogola chonchi pa zaumisiri sinkatha kulipira zinthu pa intaneti ili pa Linux kapena pa Mac, ndipo boma linadzavutika zaka zambiri kuti lichotse zimene linamanga lokha. Palibe lamulo linanena kuti aliyense agule Windows, koma mapeto ake anali omwewo.

Apa m'pamene ndimaona kuti funso lathu silikukhudza anthu 4 aja okha. Browser imene imapezeka pa pulogalamu imodzi yoyendetsera kompyuta imazolowera kudalira zinthu za pulogalamuyo, ndipo masamba nawo amazolowera browser. Browser imene iyenera kugwira ntchito pa Windows, pa Mac ndi pa Linux nthawi imodzi imakakamizika kutsatira malamulo a onse, a HTML, CSS ndi JavaScript, amene mabungwe monga W3C amalemba poyera. Wa Windows amapindula nawo ngakhale sanaionepo Linux, chifukwa tsiku limene adzafune kusintha kompyuta, masamba ake adzamutsatira.

Injini inachokera kuti

Chachiwiri ndi ngongole. Mkati mwa browser iliyonse muli injini, mbali imene imawerenga khodi ya tsamba n'kujambula zilembo ndi zithunzi pa sikirini. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anthu a gulu la KDE, ambiri mwa iwo ongodzipereka, analemba injini yaing'ono koma yolongosoka yotchedwa KHTML. Lars Knoll anali mmodzi mwa amene anaigwirira ntchito kwambiri. Inali ya Konqueror, browser ya pa Linux imene inatuluka ndi KDE 2 mu 2000. Apple itafuna browser yakeyake, sinayambire pansi. Inatenga KHTML, n'kumangapo WebKit, ndipo mu Januwale 2003 Steve Jobs analengeza Safari. Mu 2008 Google inatenga WebKit n'kupangira Chrome, ndipo mu Epulo 2013 inapatuka nayo n'kuitcha Blink. Opera inasiya injini yake ya Presto chaka chomwecho n'kutsatira Google. Mu Disembala 2018 Microsoft nayo inalengeza kuti Edge isamukira komweko, ndipo Edge yatsopanoyo inatuluka mu Januwale 2020. Brave, Vivaldi ndi Samsung Internet zonse zili pa Blink. Mwa mabrowser otchuka, Firefox yokha ndi imene ili ndi injini ya mtundu wina, Gecko, yochokera ku khodi imene Netscape inaika poyera mu 1998. Mpaka lero Chrome, Safari ndi Edge zikamadzidziwitsa kwa tsamba limene mwatsegula, m'kamzere kamene zimatumizako muli dzina la KHTML.

Ndiye kuti pafupifupi aliyense wowerenga nkhani pa foni lero akugwiritsa ntchito chidzukulu cha pulogalamu imene anthu a Linux analembera anzawo a Linux. Opera imene inawasiya chaka ndi theka ija inali itangosamukira kumene pa injini yochokera kwa iwo omwe.

Apple ndi imene nkhaniyi imaikhudza kwambiri. Inapangapo Safari ya Windows kuyambira mu 2007 mpaka mu 2012, koma ya Linux sinaipangepo. Mwalamulo ilibe mlandu. Laisensi ya KHTML, yotchedwa LGPL, inkangofuna kuti amene wasintha khodi n'kuigawa aulule zimene wasinthazo, ndipo Apple inkaulula, ngakhale kuti a KDE anadandaula kuti zinkabwera zambiri nthawi imodzi moti zinali zovuta kuzibwezera mu KHTML. Mu Juni 2005 Apple inatsegula ntchito yonse ya WebKit kuti aliyense azitha kuiona ikamalembedwa ndi kuthandizapo. Kuchokera pamenepo kunabadwa WebKitGTK, imene imayendetsa browser ya GNOME Web, ndipo amene amaisamala kwambiri ndi a Igalia, kampani ya ku A Coruña ku Spain imene eni ake ndi antchito ake omwe. Choncho Apple inabwezako ndithu. Koma wopanga masamba amene ali pa Linux, akafuna kutsimikiza mmene tsamba lake lidzaonekere mu Safari ya pa iPhone, ayenera kupeza chipangizo cha Apple kapena kulipira kampani yobwereketsa zipangizo zoyesera pa intaneti. Kwa mnyamata kapena mtsikana amene akuphunzira ntchitoyi ndi laputopu yakale, mtengo umenewu ndi waukulu, ndipo amene amavutika pamapeto pake ndi kasitomala wa Apple yemwe, tsamba likamamusokonekera pa foni.

Google inachita mosiyana. Chrome inatuluka pa Windows mu Sepitembala 2008, yoyeserera ya Linux inabwera mu 2009, yeniyeni mu Meyi 2010, ndipo kuyambira pamenepo sinasiyidwe. Sikuti unali mtima wachifundo wokha. Akatswiri ambiri a Google amagwira ntchito pa Linux, ndipo Android ndi ChromeOS zonse zinamangidwa pa phata la Linux. Microsoft ndi imene inayenda mtunda wautali. Mu 2001 mkulu wake, Steve Ballmer, anayerekeza Linux ndi khansa. Mu 2016, Satya Nadella ali pampando, kampaniyi inalowa m'bungwe la Linux Foundation. Edge yoyeserera ya Linux inatuluka mu Okutobala 2020, yeniyeni chakumapeto kwa 2021. Chinasintha ndi malonda: makompyuta ambiri amene makasitomala amabwereka pa Azure ya Microsoft amayendera Linux, ndipo anthu olemba mapulogalamu, amene kampani iliyonse imawafuna, ndi ochuluka pa Linux kuposa mmene chiwerengero cha StatCounter chimaonetsera. Injini nayo inali itakonzedwa kale kuti iziyenda pa Linux, moti mtengo wa ntchitoyo unali utatsika kwambiri. Izi zikutanthauza kuti kampani iliyonse imene browser yake ili pa Blink singanenenso kuti ntchitoyo ndi yosatheka. Mbali yovuta ena anaigwira kale.

Khodi ili poyera, nanga vuto n'chiyani?

Ena amati kampani ikangoika khodi poyera yamaliza, otsalawo adzipangire okha. Chrome imamangidwa pa Chromium, imene khodi yake ndi ya aliyense, ndipo Debian, Fedora ndi mitundu ina imalongedza Chromium yawoyawo. Pali anthu a Linux amene safuna n'komwe Chrome, Edge kapena Opera pa kompyuta yawo, chifukwa mbali zina za mabrowser amenewa ndi zobisika ndipo zimatumiza uthenga kwa eni ake. Maganizo awo ndimawalemekeza, ndipo Firefox, imene yakhala pa Linux kuyambira pamene inatuluka mu Novembala 2004, imawakwanira.

Komabe khodi yapoyera siithetsa zonse. Masamba a mafilimu olipira amateteza katundu wawo ndi kachidutswa kobisika, monga Widevine, imene Google inagula mu 2010. Kwa zaka zingapo Netflix inkadalira Silverlight ya Microsoft ndipo sinkatseguka pa Linux popanda kuchita zamatsenga, mpaka mu 2014 pamene inayamba kugwira ntchito mu Chrome. Chidutswa choterocho wongodzipereka sangachilembe yekha, ayenera kuchita kupatsidwa ndi mwini wake. Mu Malichi 2021 Google inatsekanso njira imene Chromium yolongedzedwa ndi anthu ena inkalumikizira ma bookmark ndi mapasiwedi ku akaunti ya Google. Ndipo kuseri kwa Linux kuli anzake ang'onoang'ono, FreeBSD, OpenBSD ndi NetBSD, amene nawonso khodi yawo ili poyera. Kumeneko kulibe Chrome, kulibe Edge. Anthu ochepa ongodzipereka amasunga zigamba mazanamazana zimene amazisokereranso pa Chromium ulendo uliwonse ikatuluka yatsopano. Sindinganene kuti Google izipangira aliyense wa iwowa Chrome. Koma kulandira zigamba zawozo m'khodi yaikulu, kuti asamabwereze ntchito imodzimodzi mwezi ndi mwezi, ndi chinthu chimene kampani ya ndalama zochuluka chonchi ingachikwanitse.

Tiyeneranso kufunsa kuti anthu 4 aja ndani. Si akatswiri okhaokha. Kuno ku Malawi, bungwe la Baobab Health Trust linamanga makompyuta ogwira pa sikirini olembera odwala, kuyambira pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe kenako m'makiliniki ambiri a mankhwala a ARV, pogwiritsa ntchito Linux ndi mapulogalamu ena aulere. Pa ntchito ngati imeneyi, ndalama imene ikanapita ku malaisensi imagula chipangizo china. Palinso makompyuta akale. Microsoft inathetsa chithandizo chake cha nthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko. Malaputopu ambirimbiri amene adakali amphamvu, a mtundu womwe umafika m'mashopu athu utagwirapo kale ntchito m'maofesi a kunja, sakwanira pa muyezo umenewu. Mwini wake ali ndi njira zitatu: kugula ina, kukhalabe pa Windows yosatetezedwa, kapena kuikamo Linux. Njira yachitatuyi imathandiza pokhapokha ngati browser imene banki, sukulu ndi ofesi ya boma zimafuna ikupezeka kumeneko ndipo ikusamalidwa.

Choncho yankho langa ndi lakuti inde, kwa kampani iliyonse imene browser yake yakula mpaka opanga masamba kumayesera ntchito yawo pa iyo, komanso kwa iliyonse imene inamanga pa injini ya anthu onse. Itulutse pa Linux tsiku limodzi ndi pa Windows, zigamba zachitetezo zifike nthawi imodzi, ndipo ikafuna kusiya inene nthawi idakalipo. Google inachita chomalizachi pamene inkasiya makompyuta a Linux a 32-bit: inalengeza chakumapeto kwa 2015 kuti Chrome yawo itha mu Malichi 2016, ndipo inasiya khodi ya Chromium ili yoti n'kumangidwabe pa makompyuta amenewo. Debian inapitiriza kuwalongedzera Chromium ndi Firefox kwa zaka zambiri pambuyo pake, ndipo sukulu imene inali ndi makompyuta oterowo inali ndi miyezi ingapo yokonzekera komanso kolowera.